Ukawaonetse zoipazo, Mwandida

Kwathu kuno ku Limbuli,
Loweruka masana.

Mwandida mdzukulu wanga,

Ndadikira kuti uchoke kaye ukatchajitse laputopu yakoyo kumsika, ndiye ndakhala pakhonde pano ndi bolopeni. Usaseke zilembo zanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo dzanjali masiku ano limanjenjemera ngati la munthu wamalungo. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma ine ndi iwe tikayamba kulankhula sitifika kumapeto. Ine ndimakalipa, iwe umalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Pepala sungalitsekere chitseko. Uwerenge mpaka pansi, chifukwa ndatopa mwanawe, ndipo sindilembanso ina.

Dzulo tikusenda nandolo unanena kuti, "Agogo, ndingowaimbira mayi Kalinde apeze wina. M'mutu mwanga mulibe kanthu." Unanena motsitsa mawu, maso ali m'lichero, poganiza kuti makutu anga anatha. Sanathe. Mayi amenewo akukudikira Lolemba ku Zomba, m'shopu yawo ya makeke ndi masikono, kuti ukawaonetse zimene wawajambulira. Zikakawakomera, ntchito ndi yako, ndipo anati anzawo a mashopu oyandikana nawo akufunanso munthu. Chimalizireni kosi yako ija, uyu ndiye munthu woyamba kukuitana ndi dzina. Ndiye iwe ukufuna kumuyankha ndi foni, uli khale pamphasa yanga, kuti apeze wina. Ayi. Mawa ukukwera minibasi.

Mmene unandifotokozera ntchitoyi, ndinamva chonchi. Sukujambula chithunzi chimodzi chomaliza ayi, ukupanga chikombole, ngati chija choumbira njerwa. Iwe ukonza malire, mitundu ndi malo, ndipo mayi Kalinde azingosintha dzina la keke ndi mtengo wake pafoni n'kutumizira makasitomala awo, lero, mawa, mpaka chaka chamawa. Ngati ndaphonya undikhululukire. Kompyuta sindiidziwa, ndipo sindikunamiza kuti ndikuuza batani loti udine. Zimenezo ukudziwa ndiwe, ndipo ukuzidziwa bwino. Koma matenda akugwirawa, oti munthu wakhala pansi, zida zonse zili m'manja, koma palibe chikutuluka, amenewo ndiye ndimawadziwa. Ndinadwalapo.

Iwe unandipeza ndili kale nkhalamba yogulitsa nthochi, ndiye sudziwa kuti agogo akowa anali wojambula. Tili ku esiteti ya tiyi, tisanabwerere kuno, ndinagwirako ntchito yolera ana kunyumba kwa manejala. Kumeneko ndiko ndinaona maluwa a rozi, pambale, pamakatani, pakalendala, ngakhale pa kapu ya mwana. Ndinayamba kuwatengera ndi pensulo pa matumba a fulawa, amene tinkawawiritsa ndi sopo mpaka zilembo za kampani zitafufutika. Amayi a kumalaini, nyumba za antchito zija zondondozana, ankafuna nsalu zoyala pamipando ndi pathebulo. Kupeta ankatha, koma kujambula ayi. Ndiye ankabwera kwa ine ndi nsalu yoyera, ine n'kujambula mizere yokha, iwo n'kukapeta okha ndi ulusi wawo Lamlungu masana. Ukuona? Nanenso sindinkamaliza chinthu. Ndinkangolambula njira, wina n'kudzayendamo ndi singano. Malaini onse, kuyambira kumpopi mpaka kumpanda wa fakitale, ukalowa m'nyumba unkatsamira rozi wanga. Malemu agogo ako aamuna, a Waisoni, ankati, "Mayi, ine ndikapita kocheza ndimangoona ngati sindinachoke pakhomo."

Ndiye kunabwera nyengo ija matipate atangoyamba kumene, aliyense akulankhula mokweza, aliyense akufuna zatsopano. Mkazi wa kapitawo wathu, amene tinkawatchula kuti mayi a Dora, anabwera ndi nsalu zogula kusitolo, osati matumba ayi, zoyera mbee, zopinda bwino, za ukwati wa Dorayo. Anaziika pamphasa n'kunena kuti, "Achemwali, marozi aja atikwana. Ngakhale kwa alonda aliko. Mundijambulire chinthu choti munthu sanachionepo m'Mulanje muno." Ine ndi kamwa langali ndinati, "Zazing'ono zimenezo, pitani mukakonze thobwa." Atangotuluka, dzanja linafa. Ndikunena zoona, linafa. Ndinkati ndikayala nsalu, pensulo ili m'manja, m'mutu munkangomveka mawu awo aja, choti munthu sanachionepo. Ndikaganiza duwa, ndinkati ili analiona. Mbalame, anaiona. Nsomba, gulugufe, nyenyezi, zonse anaziona. Nsalu ija inkangondiyang'ana ndi kuyera kwake, ine n'kuipindanso n'kuibwezera pamwamba pa sutikesi.

Tsono ndikufunse. Mayi Kalinde anakuuza kuti ujambule choti munthu sanachionepo? Ine foni ija ndinaimva, unaikweza mawu wekha. Anati, "Mwana wanga, ndikungofuna anthu azidziwa kuti lero kuli keke yanji, ndalama zingati, ndipo zizioneka zaudongo." Basi. Zoti anthu a ku Zomba akagwe chagada wadziuza wekha. Ine wondipha dzanja anachita kubwera ndi miyendo yake, koma iwe mkazi wa kapitawo wadzipangira m'mutu mwako momwemo, wamupatsa mpando, ukumuthirira tiyi m'mawa ndi madzulo. Muthamangitse ameneyo. Wokulemba ntchito si iyeyo.

Masiku otere ndimadziwa mmene amayendera. Nyumba yanga sinayerepo ngati nyengo imeneyo. Ndinakwecha mapoto mpaka ena anayamba kudontha. Ndinachapa mabulangete m'kati mwa chiperoni, osauma, tikugona ndi zitenje mano akugundana. A Waisoni anafika pondifunsa kuti, "Mayi, malaya awa ndangowavala popita kukapempha fodya kwa a neba, mwawanyikanso? Mukatha apa muchapa ineyo?" Iwenso chibwerereni kuno wasesa bwalo mpaka mizu ya mapeyala yaonekera. Wandikonzera m'kabati moti mchere wanga ndikuusaka ngati wakuba m'nyumba mwanga momwe. Anthu odutsa akuti ndili ndi mdzukulu wakhama, ine ndimangoti eya, tithokoze Mulungu. Koma ndikudziwa kuti si khama limenelo. Ukuthawa. Tsache ulisiye, Mwandida.

Nditatha kuchapa zonse ndinayamba kusaka wolakwa. Woyamba anali pensulo. Ndinati ndi yolimba, ikukanda nsalu, ndinagula ina. Inayo ndinati ikuda kwambiri. Kenako ndinati ndi kuwala, nyumba za kumalaini mawindo ake ndi ang'onoang'ono, ndinatulutsa thebulo panja, panja ndinati mphepo. Mnzanga wina wa khomo loyandikana anandinong'oneza kuti, "Achemwali, dzanja silimangofa lokha. Alipo wakumangani chifukwa cha nsanje. Tiyeni tiwoloke malire, kuli munthu amamasula." Ndinatsala pang'ono kupita, ndithu, chifukwa kumva kuti wina wakumanga kumakoma kuposa kuvomera kuti ukuopa nsalu. Anandiletsa ndi a Waisoni, osati ndi nzeru ayi, koma anakana kundibwereka njinga. Iwe sabata ino wandiuza kuti laputopu ikuchedwa, kuti batire likutha msanga, kuti tambala akusokosa. Mwina ndi zoona, laputopuyo ndi yakale. Koma ndi yomweyo imene unajambulira chikalata cha a kwaya chaka chatha, tambala yemweyo akulira, ndipo unamaliza madzi osamba asanatenthe. Mpaka lero chili pakhoma kutchalitchi. Unachita bwanji? Panalibe amene unkamuopa.

Chinanso ndinachita chimene iwe ukuchita ndi foniyo. Ndinakwera galimoto mpaka pa Chitakale kukazonda nsalu za m'masitolo, zopetedwa ndi makina, kuti mwina ndingatoleko nzeru. Ndinayenda sitolo ndi sitolo ndikugwiragwira, mpaka mwini sitolo wina anandifunsa kuti, "Mayi, mukugula kapena mukuwerenga ulusi?" Ndinabwerako ndili wosauka kuposa mmene ndinapitira. Chilichonse chinali chowongoka kuposa changa, chosalala kuposa changa, ndipo marozi anga amene ndinkanyadira ndinayamba kuwaona ngati kabichi wofota. Iwe umakakhala pamwala paja pamene pamagwira netiweki, chala chikukwera chikutsika, kuonera zimene ajambula anthu akunja, ndipo pobwera nkhope imakhala ngati ukuchokera kumanda. Kuonera za anzako kuli ndi nthawi yake, ndikudziwa kuti ku kosi anakuphunzitsani kutero. Koma panopa ukuonera ngati munthu wotsegula m'mimba amene wakhala pa ukwati n'kumayang'ana anzake akudya. Zikungokuwonjezera kupotokola.

Tsono tamvera mmene zinathera, chifukwa apa ndiye pamene ndakhalira pansi. Ukwati unayandikira. Ndinamanga nsalu zija pachitenje kuti ndikabweze kwa mayi a Dora, ndikanene kuti apeze wina. Mawu omwewo amene unanena dzulo, osasiyana ngakhale pang'ono. Koma manyazi anandigwira kuti ndikafike chimanjamanja ngati munthu amene sanayese n'komwe. Ndiye ndisananyamuke ndinatola chithumba chakale chong'ambika, chopukutira mbale, n'kujambulapo chilichonse chimene maso anagwerapo. Nanga pakhomo pathu paja maso akanagwera pa chiyani? Tiyi. Kutsogolo tiyi, kumbuyo tiyi, mpaka m'tsinde mwa phiri. Ndinajambula nsonga ya tiyi, timasamba tiwiri ndi kamphukira pakati, momwe timathyolera muja. Ndili m'njira ndinayambanso kudzitama mumtima kuti ichi chokha ndiye palibe anachiikapo pansalu.

Ndinapeza amayi amene ankayenera kupeta nsaluzo ali pakhonde pa mayi a Dora, akupeta mpunga wa ukwati m'malichero. Ndinatambasula chithumba chija pansi. Kenako a Esitere, mlamu wa mayi a Dora, amene anathyola tiyi chiyambire utsikana wawo, anaseka mpaka duku linagwa.

"Achemwali, mwationa ngati chiyani? Lolemba mpaka Loweruka tiyi ali kumaso, dengu kumsana, kapitawo kukhutu. Ndiye Lamlungu ndikhale pansi, nditenge singano, ndiyambenso tiyi? Dora azikatsamira tiyi m'nyumba mwake? Bwanji osajambulanso sikelo ndi kalaliki wake pambalipo, zikwane!"

Wina anati, "Muikeponso belu la m'mawa, mwamunayo asamachedwe kudzuka."

Anaseka onse, mayi a Dora misozi mbwee. Ine nkhope inatentha ngati ndaweramira mbaula. Ndinkafuna nthaka itseguke. Ndinayamba kupinda chithumba changa kuti ndizipita.

Koma atatha kuseka sanasiye kulankhula. Wina anati, "Bola mukanajambula chinanazi, chimenecho ndiye timadya, sichitilamula." Wina, wachikulire, anati, "Koma chikhale chachikulu. Timizere tija ta marozi maso angawa satitha, ndimangobaya mongoganiza." A Esitere ananditambasulira manja awo pamaso. Zala zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'aluka m'nsonga, zouma ngati makaka a chinangwa. Anati, "Izi mukufuna zikhote kangati pa duwa limodzi?" Ndipo mayi a Dora, omwe aja ofuna choti munthu sanachionepo, analowa m'nyumba n'kutulutsa ulusi umene anagula. Wachikasu ndi wobiriwira, basi. Mitundu ina inali itatha kusitolo. Ine masabata onsewo ndinkavutika ndi maluwa ofiira ndi mbalame zabuluu m'mutu, pamene ulusi wake kunalibe. Pakhonde pomwepo, ndi pensulo yomwe ija ndinkati ndi yolimba, kuseri kwa chithumba chomwecho, ndinajambula chinanazi chachikulu, cha mizere yowongoka yopingasana ngati ya lichero limene linali patsogolo panga. Dzanja silinandipemphe chilolezo. Linangoyenda.

Sindikunena kuti chinali chodabwitsa. Chinanazi ndi chinanazi, m'Mulanje muno ngakhale mbuzi ikuchidziwa. Pa ukwati ena anati ndi chokongola, ena anati chikuoneka ngati fulu wovala nthenga. Koma nsalu zinapetedwa pa nthawi yake, Dora anakwatiwa, ndipo ine ndinayambanso kumva kukoma kwa chakudya.

Ukumva chimene ndikukuuza? Ndikanapita chimanjamanja akanangoti pepani achemwali, zimachitika, n'kupeza wina, ine osamva kanthu. Chimene chinawatsegula pakamwa ndi chinthu choipa chija. Munthu ukamufunsa kuti mukufuna chiyani, amakuuza zam'mwambamwamba zoti iye mwini sakuzidziwa. Koma muikire cholakwika pamaso, amayamba kukalipa, ndipo m'kukalipamo ndi mmene muli zimene akufuna. Ine ndakhala ndikukuonera. Umajambula, umayang'ana, umatsonya, umafufuta. Dzana ndinaima kumbuyo kwako, panali keke pakati pa bwalo lofiirira, mtengo wake m'munsi. Ndisanapukute n'komwe maso kuti ndione bwino, chapita. Wafufuta zingati chibwerereni kuno? Zimenezo ndiye zinali katundu wako wa ku Zomba, ndipo wakhala ukumutaya kudzala tsiku ndi tsiku. Lero ukabwera kotchajitsa, dzuwa lisanalowe, ujambule ziwiri kaya zitatu mwamsangamsanga ngati munthu woanula zovala mvula ikubwera, ndipo chala chako chisayandikire kofufutira. Zikhale zoipa, palibe kanthu. Ukawaonetse zoipazo.

Ukakafika usakayambe ndi kupepesa. Ndimakudziwa, ukayamba kuti pepani mayi, sizinathe bwino, magetsi kwathu kulibe, agogo amadwala. Ine usakandidwalitse, ndili bwino. Ukatsegule laputopu, ukaitembenuzire kwa iwo, ukatseke pakamwa. Akakaseka ukawasiye aseke. Sufa ayi, ine anandiseka amayi a malaini onse ndipo ndi uyu ndikukulembera. Akakatha kuseka ndi pamene ukatchere khutu. Ndipo usakangoyang'ana nkhope yawo, ukayang'ane manja. Munthu wokanda fulawa kuyambira m'mamawa amagwira foni ndi chala chimodzi chamafuta, kasitomala ataima pakhomo, masikono akupserera mu uvuni. Ukaone ngati galasi la foni yawo ndi losweka, ukaone ngati amaitalikitsa powerenga. Ukakhale m'shopumo mpaka atseke, ukamve chimene anthu amafunsa akangolowa. Ukadye sikono imodzi, ukanunkhize. Iwe wakhala ukujambula keke ya ku Zomba uli pa Limbuli, shopu yake usanaione, mtundu wa chitseko chake usakuudziwa, ndiye ukudabwa kuti m'mutu mulibe kanthu. Mukhale chiyani? Zimene ukusakazo zili kumeneko, ndipo sizikwera minibasi kubwera kuno. Ukwere ndiwe.

Chinanso ndikuchenjezeretu, poti dzanja likadzuka limadzuka ndi dyera. Zinanazi zitatchuka ndinayamba kudzaza nsalu yonse, kona ndi kona, chinanazi apa, masamba apo, mbalame pamwamba, kuti anthu aone kuti ndachira. Mayi wina wa kumpingo kwathu anabweza nsalu yake. Ankafuna kupeta dzina la malemu amuna awo pakati, ndipo panalibe poika ngakhale chilembo chimodzi. Sanakalipe mayi ameneyo. Anangoti, "Mwajambula bwino, koma mwamaliza nokha. Nanga ine changa ndiika pati?" Mawu amenewo anandiwawa kuposa chiseko cha a Esitere. Ndiye chikombole chakocho chikasiye malo. Mayi Kalinde tsiku lina adzafuna kulemba dzina lalitali la keke. Tsiku lina mtengo udzakwera n'kutalika, monga zikuchitira zinthu masiku ano. Tsiku lina adzangofuna kulemba kuti lero tatseka, tili pamaliro. Zonsezo zizikwanapo popanda kukuimbira foni. Ukaona pakati pali mbee usachite mantha kuti akuyesa waulesi. Pamenepo si pako.

Sindikunamiza kuti ukachira kamodzi ndiye wachira. Kwa ine kuuma kumeneku kunkabwera n'kupita ngati nyamakazi ya m'bondo langali. Kunabweranso a Waisoni atamwalira, ndipo ulendo umenewo panalibe chiseko cha munthu chimene chinathandiza. Ndinkangojambula zinanazi zomwezo, mtima uli kwina, chifukwa ana ankafuna kudya. Nazonso zinapetedwa, anthu anazitsamira, palibe anadziwa kuti wojambulayo sankamva kanthu. Masiku ena ntchito imakhala choncho, yosakoma ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo umaigwirabe. Kenako kunabwera nsalu za pulasitiki zodinda kale maluwa, zotchipa, zongopukuta ndi kansanza. Amayi anasiya kupeta, ine ndinasiya kujambula. Palibe anabwera kudzanditsanzika, ndinangoona kuti pakhomo papita nthawi osamveka odi. Ntchito yakoyinso mwina idzatha choncho, ndimamva achinyamata akunena kuti makina ayamba kujambula okha. Kaya. Ine za kutsogolo ndinasiya kulonjeza anthu. Koma Lolemba likubwerali mayi Kalinde sanaitane makina. Aitana iwe.

Zina ndi zazing'ono koma uzimve. Uzidya. Ukakhala pa laputopupo umaiwala kuti uli ndi mimba, ndiye umati mutu sukugwira pamene ndi njala chabe. Zikauma, uzidzuka n'kuyenda, foni uzisiya m'nyumba, upite kumsika ukamve anthu akukangana za tomato. Ukabwera ukhalenso pansi ngakhale usakufuna. Kwa azakhali ako a ku Zomba kumene ukafikireko ukakhale ndi ulemu, ukawathandize ntchito, koma m'kabati mwawo usakalowemo, alibe mtima wanga aja. Ku Limbe posintha minibasi chikwama cha laputopu chikakhale pamiyendo, osapatsa kondakitala ngakhale akakutchule kuti sisi. Za anyamata sindilemba, pepala latsala pang'ono ndipo sungamve.

Ndatopa, Mwandida. Ndinakulandira uli wa kumsana mayi ako atatisiya, ndili kale ndi imvi. Ndasenza nthochi kupita nazo kumsika mpaka khosi linalowa m'mapewa. Sindikunena kuti undibwezere, sindinkakulera ngati munda. Koma mphamvu zokuonera ukufota pakhonde langa, mtsikana wamanja ake abwinobwino, ndilibe. Ndimati ndikakuona wakhala duu kuyang'ana galasi loyeralo, mtima umandithamanga mpaka ndimakagwira khoma. Kukalipa kwanga konseku ndi kumeneko. Mawu ofewa anandithera kalekale, unachedwa kubadwa.

Za mawa ndakonza kale. Ndauza wa kabaza adzakutenge m'mawa ine ndisanapite kutchalitchi, akakusiye pa siteji. Mbatata yowotcha ndi mtedza ndimanga pa kansalu. Ndipo poti ndimakudziwa, uli kumsikako ndaitana a neba tapasula bedi lako. Matabwa taimika kukhoma, matilesi atenga iwowo, ali ndi alendo a chinkhoswe. Lero ugona ndi ine pamphasa, upirire mkonono wanga. Pamalo pa bedi ndaikapo dengu la nkhuku yanga yofungatira, poti kukhola vumbwe wayamba kuzungulira. Yakhazikika kale, ndipo pamene ndimati ndiisunthire pakona yandijompha padzanja.

Ukapita, ukawaonetsa, iwo n'kukukana, ubwere. Ndidzakuchingamira ndekha kumsewu ndi bondo langa lomweli, nkhukuyo ndidzaitulutsa ndi mazira ake omwe, bedi tidzamanga, ndipo sindidzanena liwu limodzi ngakhale kamwa lidzandiyabwe. Koma ukabwera usanawaonetse, kapena ukaimba foni ija lero, za pogona ukakambirane ndi nkhukuyo. Ine ndayesa, siimva.

Ndine amene ndinakubereka kumsana kuno,
Agogo ako.